Bob Graham

Robert Graham (1889 – 1966), yemwe ambiri amamudziwa kuti Bob Graham, anali Mngelezi wa m'tawuni ya Keswick, kumpoto chakumadzulo kwa England. Ntchito yake inali yosamalira madimba a maluwa, ndipo pambuyo pake ankayendetsa nyumba yogona alendo. Amakumbukiridwa chifukwa mu June 1932 anakwera nsonga 42 za mapiri a m'dera la Lake District wapansi, n'kubwerera pomwe ananyamukira m'maola 23 ndi mphindi 39. Panadutsa zaka 28 popanda munthu wina wochita zofanana ndi zimenezi. Njira yomwe anatsata, atangoisintha pang'ono, lero imatchedwa Bob Graham Round, ndipo ndi imodzi mwa mayeso odziwika kwambiri kwa anthu othamanga m'mapiri pa dziko lonse.

Moyo wake ndi ntchito

Graham anabadwa mu 1889, ndipo anakulira kufupi ndi mzinda wa Carlisle. Anayamba ndi ntchito ya m'madimba, kenako anakakhazikika ku Keswick, tawuni yaying'ono ya m'mbali mwa nyanja ya Derwentwater, komwe anatsegula nyumba ya alendo mu msewu wa Lake Road. Keswick imadalira alendo obwera kudzaona nyanja ndi mapiri, choncho mwini nyumba ya alendo yemwe amadziwa njira za kuphiri amakhala ndi mwayi. Graham ankatsogolera alendo ake m'maulendo oterewa, ndipo anadziwa bwino mapiri a kumeneko, zomera zake komanso mmene nyengo imasinthira.

Sanali munthu wa mipikisano. Dera la Lake District lili ndi mwambo wakale, woyambira m'zaka za m'ma 1800, woti pa masiku a chionetsero cha m'midzi abusa a nkhosa ndi anthu otsogolera alendo amapikisana kuthamangira pamwamba pa phiri n'kutsikanso, monga zimachitikira ku Grasmere mpaka lero. Mipikisano imeneyi ndi yaifupi, yotha m'mphindi zowerengeka, ndipo dzina la Graham silinatchukire kumeneko. Iye ankakonda maulendo aatali. Amene ankamudziwa amamufotokoza ngati munthu wamfupi, wojintcha, wosamwa mowa komanso wosasuta fodya.

Mapiri ake ndi otani

Anthu a kumeneko phiri amalitcha fell, mawu ochokera ku chiyankhulo cha anthu a ku Scandinavia omwe anakhazikika m'derali zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mapiriwa ndi aafupi. Lalitali kuposa onse mu England, Scafell Pike, ndi mamita 978 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Scafell ndi mamita 964, Helvellyn 950 ndipo Skiddaw 931. Chigwa cha Kasungu mbali zambiri chili pamwamba pa mamita 1,000, kutanthauza kuti mlimi yemwe akuthyola fodya m'munda mwake cha ku Kapelula waima pafupifupi pamsinkhu umodzi ndi munthu yemwe wafika pa nsonga yaitali kwambiri ya England. Sapitwa, pa phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002.

Kuvuta kwa mapiriwa kuli pena. Zigwa zake zimatsika mpaka pafupi ndi msinkhu wa nyanja yamchere, choncho munthu akatsika phiri lina kuti akakwere linzake amayambiranso pansi penipeni. Pamwamba palibe mitengo yotchinga mphepo. Mbali zina ndi madambo a matope omwe mwendo umatitimira, mbali zina ndi miyala yokhayokha, ikuluikulu yogwedera ndi ing'onoing'ono yomwe imagumuka munthu akaiponda. Mvula imagwa mwezi uliwonse, ndipo chigwa cha Borrowdale chili m'gulu la malo omwe amalandira mvula yambiri mu England. Nkhungu ikatsika, munthu saona ngakhale mnzake yemwe ali patsogolo pake pang'ono. Amene anaonapo chiperoni chitakuta Lichenya kapena Chambe akudziwa momwe njira yodziwika bwino imasokonekera pa nthawi yotere.

Amene anayamba iye asanabwere

Graham sindiye anayambitsa nkhani yowerenga nsonga zomwe munthu angakwere tsiku limodzi. Mu 1864 m'busa J. M. Elliott wa ku Cambridge anazungulira nsonga za kumutu kwa chigwa cha Wasdale m'maola asanu ndi atatu ndi theka, ndipo ena omwe anabwera pambuyo pake ankawonjezera mapiri. Amene anaika lamulo lomveka anali Dr. Arthur Wakefield, dokotala wa ku Keswick, yemwe pambuyo pake anapita nawo pa ulendo wokayesa kukwera Everest mu 1922. Lamulo lake linali lakuti munthu akwere nsonga zambiri momwe angathere, zotalika kuposa mafiti 2,000, omwe ndi mamita 610, ndipo abwerere pomwe ananyamukira maola 24 asanathe. Mu 1905 Wakefield anamaliza ulendo wake m'maola 22 ndi mphindi 7.

Mu 1920 Eustace Thomas, injiniya wa ku Manchester yemwe anali atapitirira kale zaka 50, anatsata njira ya Wakefield m'maola 21 ndi mphindi 25. Thomas yemweyu ndi amene anapanga machira onyamulira anthu ovulala kuphiri omwe amatchedwa ndi dzina lake. M'chaka chomwecho cha 1932, Graham asananyamuke, Freddie Spencer Chapman, munthu wodziwika pa maulendo a ku Greenland, anayesa ulendo wofanana koma anasokera m'nkhungu ndipo anafika atatha pafupifupi maola 25.

Ambiri mwa anthuwa anali ophunzira, madokotala, abusa ndi mainjiniya, anthu a nthawi ndi ndalama zochitira zotere. Graham anali wa m'dimba, ndipo anakonzekera pa nthawi yomwe alendo ake ankamupatsa mpata.

Kukonzekera

Graham anayesa koyamba mu 1931 koma sanamalize. M'malo mosiya, anatha miyezi yotsatira akuyenda nsonga iliyonse yomwe ankafuna kudzakwera, kuti adziwe pomwe angadule, pomwe pali madzi akumwa komanso pomwe miyala imaterera. Nthawi zambiri pokonzekera ankayenda opanda nsapato, pofuna kulimbitsa mapazi komanso kuti nsapato zisathe. Kwa anthu a ku England izi zimamveka zodabwitsa ndipo pafupifupi aliyense wolemba za iye amazitchula. Kwa munthu yemwe anakula akuweta ng'ombe m'madambo a ku Kasungu palibe chachilendo, kupatula kuzizira kwa nthaka ya kumeneko.

Anthu amanena kuti anasankha nsonga 42 kuti zifanane ndi zaka zake, nsonga imodzi pa chaka chilichonse. Anasankhanso mwezi wa June chifukwa kumpoto kwa England nthawi imeneyo dzuwa limawala pafupifupi maola 17, ndipo mdima weniweni umakhala wa maola ochepa chabe.

Ulendo wa 1932

Ananyamuka 1 koloko usiku, Lamlungu, pa khomo la Moot Hall, nyumba yakale yomwe ili pakati pa msika wa Keswick. Anavala nsapato za tenesi, kabudula wamtali ndi malaya ogonera. Kamba wake anali buledi wopaka batala, dzira lowiritsa pang'ono, zipatso ndi maswiti. Anzake anayi, Martin Rylands, Phil Davidson, Robin Deans ndi Bill Hewitson, anagawana ulendowu, aliyense kumuperekeza chigawo chake. Ntchito ya woperekeza ndi kunyamula chakudya, kuthandiza kupeza njira, kusunga nthawi, ndi kukhala mboni kuti munthuyo wafikadi pa nsonga iliyonse.

Njirayi imagawika zigawo zisanu chifukwa imadula misewu kanayi. Chigawo choyamba, chomwe anachiyamba mumdima, chimakwera Skiddaw, n'kutsikira m'madambo a kuseri kwake, kukwera Great Calva, kuwoloka mtsinje wa Caldew, kenako Blencathra, n'kutsika motsetsereka kukafika m'mudzi wa Threlkeld. Chachiwiri ndicho chofewa kwa wothamanga. Munthu akakwera Clough Head amatsata msana wautali wa udzu wodutsa pa Helvellyn, ndipo nsonga zimabwera motsatana popanda kutsika kwambiri, mpaka kumapeto pomwe Fairfield ndi Seat Sandal zimafunanso mphamvu asanatsikire pa msewu wa Dunmail Raise. Pamalo amenewa ndi pomwe anajambulidwa chithunzi chodziwika cha Graham ali ndi Davidson ndi Rylands.

Chigawo chachitatu ndiye mtima wa ulendowu. Chimayamba ndi chitunda choimirira cha Steel Fell, n'kudutsa madambo kukafika ku mapiri a Langdale, ndipo kuyambira pa Bowfell udzu umatha, pamatsala miyala. Apa liwiro la pa msewu silithandiza. Wothamanga amalumpha kuchoka pa mwala kupita pa wina, maso ali pansi, akusankha popondapo phazi lisanafike, ndipo mwala umodzi wogwedera ungathetse ulendo wonse.

Pakati pa Scafell Pike ndi Scafell pali mpata wopapatiza wotchedwa Mickledore. Nsonga ziwirizi zayandikana kwambiri moti munthu amaona inzake ngati angofikapo m'mphindi zochepa, koma pakati pake pali thanthwe lotchedwa Broad Stand. Thanthweli ndi masitepe angapo a mwala, ndipo lovuta kwambiri ndi lotalika kuposa munthu. Likanakhala pansi pa dambo mwana akanalikwera posewera. Vuto ndi lakuti masitepewo apendekera kuphompho, mwalawo nthawi zambiri umakhala wonyowa, ndipo amene waterereka saima pa sitepe yapansi. Anthu angapo anafera pamenepa. Wolemba ndakatulo Samuel Taylor Coleridge anatsika thanthweli mu 1802 posadziwa chomwe akulowamo, ndipo anapulumuka mwamwayi. Wotsata njira ya Graham amafika pa Mickledore atayenda kale theka la tsiku, miyendo ikunjenjemera, ndipo ayenera kusankha. Broad Stand ndi yachidule, ndipo ambiri masiku ano amapempha mnzawo kuti akawadikire pamwamba ndi chingwe. Lord's Rake ndi khwawa la miyala yogumuka lomwe limazungulira mbali ina. Njira ya ku Foxes Tarn ndi yotetezeka koma imatsika kaye kwambiri isanakwerenso, ndipo imadya mphindi zomwe munthu angadzazifune usiku. Kuchoka pa Scafell njira imatsika pafupifupi mamita 900 nthawi imodzi kukafika ku Wasdale.

Ambiri mwa amene amalephera amasiyira ku Wasdale, chifukwa akangodzuka pomwe anakhala kuti adye amakumana ndi Yewbarrow, chitunda chomwe pena munthu amagwira udzu ndi manja. Chigawo chachinayi chimapitirira ku Red Pike, Steeple, Pillar, Kirk Fell ndi Great Gable, onse a miyala, n'kutsikira pa Honister Pass pomwe pali mgodi wa miyala yofolerera nyumba. Chomaliza chili ndi Dale Head, Hindscarth ndi Robinson, kenako msewu wa makilomita angapo wobwerera ku Keswick. Graham anafika pa Moot Hall nthawi ili 12:39 usiku wotsatira, kutatsala mphindi 21 kuti maola 24 akwane.

Njira yomwe imagwiritsidwa ntchito lero imawerengedwa kuti ndi makilomita pafupifupi 106, ocheperako pang'ono poyerekeza ndi msewu wochoka ku Lilongwe kukafika pa boma la Kasungu. Kukwera konse kukaphatikizidwa kumakwana mamita pafupifupi 8,200, kuposa kukwera Sapitwa kawiri ndi theka kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo zonsezo ayenera kuzitsikanso. Tikagawa mtunda ndi nthawi, Graham ankayenda makilomita anayi ndi theka okha pa ola, liwiro la munthu wopita kumsika. Ankakwera zitunda poyenda ndipo ankathamanga potsika ndi pamalo athyathyathya. Chomwe chinamupambanitsa ndi kusasokera, kusaima nthawi yaitali, ndi kutsika miyala mosazengereza kwa tsiku lathunthu.

Zaka 28 za chete

Graham sanadzitame ndi zomwe anachita, ndipo maganizo ake anali akuti munthu aliyense wolimba thupi angathe kuchita zomwezo. Anabwerera ku ntchito yake ya alendo. Zaka zinatsimikiza kuti sizinali zophweka chotero. Ena anayesa n'kulephera, kenako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasokoneza zonse, ndipo nkhaniyi inatsala pang'ono kuiwalika kunja kwa Keswick.

Amene anaidzutsa anali mtolankhani Harry Griffin, yemwe ankalemba za mapiri a Lake District. Nkhani yake inafika kwa othamanga a kalabu ya Clayton-le-Moors Harriers ku Lancashire, ndipo mu 1960 mmodzi mwa iwo, Alan Heaton, anamaliza nsonga 42 m'maola 22 ndi mphindi 18. Heaton anasintha malo anayi. Graham anawerengera High White Stones, Hanging Knotts, Looking Stead ndi High Snab Bank, omwe kwenikweni ndi timitunda ta pa mapiri ena, ndipo Heaton anaikapo Whiteside, Helvellyn Lower Man, Ill Crag ndi Broad Crag. Mndandanda wa Heaton ndi womwe umatsatidwa lero, ngakhale dzina ndi la Graham.

Graham anakhala ndi moyo mpaka kuona rekodi yake ikuphwanyidwa kangapo. Ken Heaton, mchimwene wake wa Alan, anakwera nsonga 51 mu 1961, Eric Beard 56 mu 1963, ndipo Alan Heaton anafikitsa 60 mu 1965.

Masiku omaliza

M'zaka zake zakumapeto Graham ankayendetsa nyumba ya alendo ku Barrow House, nyumba yaikulu yakale ya kum'mawa kwa nyanja ya Derwentwater, yomwe pambuyo pake inasanduka malo ogona achinyamata oyenda maulendo. Anamwalira mu 1966 ndipo anaikidwa m'chigwa cha Borrowdale. Kufupi ndi mlatho wa Ashness, pamwamba pa Barrow House, pali chipilala chaching'ono cha miyala chomukumbukira.

Kalabu ya dzina lake

Mu 1971 Fred Rogerson, yemwe kwa zaka zambiri ankathandiza othamanga ndi kusunga nthawi zawo, anatsogolera kukhazikitsa Bob Graham Club. Munthu amalowa kalabuyi akamaliza nsonga 42 maola 24 asanathe, kuyambira ndi kuthera pa Moot Hall, ali ndi mboni pa nsonga iliyonse. Uwu si mpikisano. Palibe tsiku loikika, palibe mphoto ya ndalama, ndipo njira siikidwa zizindikiro. Aliyense amasankha tsiku lake, mbali yozungulira, ndi podutsa pakati pa nsonga ina ndi inzake. Chifukwa cha lamulo la mboni palibe amene amalowa yekha, ndipo mwambo ndi wakuti amene anathandizidwa amadzaperekezanso ena, nthawi zambiri anthu omwe sanawaonepo, usiku pa mvula. Jean Dawes anali mayi woyamba kumaliza, mu 1977. Mamembala tsopano aposa 2,000, ndipo chiwerengero chinakwera kwambiri buku la Richard Askwith lotchedwa Feet in the Clouds litatuluka mu 2004.

Kuchokera pa ulendo wa Graham panatuluka marekodi a mitundu iwiri. Wina ndi wa kuchuluka kwa nsonga m'maola 24, motsata lamulo la Wakefield. Joss Naylor, mlimi wa nkhosa wa ku Wasdale, anakwera 72 mu 1975, Mark Hartell 77 mu 1997, ndipo Kim Collison 78 mu 2020. Wina ndi wa liwiro pa nsonga 42 zomwezo. Billy Bland wa ku Borrowdale anamaliza m'maola 13 ndi mphindi 53 mu 1982, ndipo nthawi imeneyi inakhala zaka 36 mpaka Kilian Jornet wa ku Catalonia, katswiri wothamanga ndi kukwera mapiri mwaliwiro, anachita maola 12 ndi mphindi 52 mu July 2018. Jornet anatsata mwambo wa eni dera, anaperekezedwa ndi othamanga a kumeneko, ndipo Bland anapita kukamulandira. Jack Kuenzle wa ku America anatsitsa nthawiyi kufika maola 12 ndi mphindi 23 mu 2022. Kwa amayi, Jasmin Paris anachita maola 15 ndi mphindi 24 mu 2016, ndipo Beth Pascall maola 14 ndi mphindi 34 mu 2020. Mu 2016 Nicky Spinks anazungulira njirayi kawiri motsatana m'maola 45 ndi theka.

Maulendo ena awiri ofanana anakhazikitsidwa potengera chitsanzo chimenechi, Ramsay Round ku Scotland ndi Paddy Buckley Round ku Wales.

Ku Malawi

Chomwe chimayandikira mwambo umenewu ku Malawi ndi mpikisano wa Porters' Race pa phiri la Mulanje, womwe umachitika m'nyengo yozizira. Umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa pamwamba pa phiri kupita ku Lichenya, n'kutsikanso ku Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20. Unayamba ngati mpikisano wa anthu onyamula katundu wa alendo ndi otsogolera njira, monga momwe mipikisano ya ku Lake District inayambira kwa abusa a nkhosa ndi otsogolera alendo, ndipo pambuyo pake unatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi. Umasiyana ndi ulendo wa Graham chifukwa onse amanyamuka pamodzi tsiku limodzi, ndipo opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zingapo, mtunda womwe mlendo wamba amauyenda tsiku lonse kapena masiku awiri. Ambiri mwa amene amatsogola ndi anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phirilo, omwe anaphunzira njirazo atasenza katundu pamutu.